Tsiku Lomwe Zonse Zidathima Pamodzi

Sharpevale,
Ntcheu.

Felista mwana wanga, Nangozo,

Ndakhala pa benchi la kuchigayo masana ano. Ogayitsa ndawabweza, ndawauza kuti abwere mkuja. Kunyumba sindikanatha kulemba, chifukwa azakhali ako adzaza khonde lonse, aliyense akufuna kukulongezera chake m'chikwama, wina nsinjiro, wina mfutso, ngati kumene ukupitako anthu sadya. Mawa m'mawa ukwera galimoto ya ku Lilongwe, ndipo ine ndikudzidziwa: pa siteji ndidzangoti "uyende bwino", kenako n'kuyamba kucheza ndi dalaivala za matayala. Pakamwa panga pamauma pa zinthu zofunika. N'chifukwa chake ndatenga pepala. Udzawerenge uli m'ndege kapena utafika, pamene sungathe kundidula mawu.

Anthu akhala akundifunsa kuti mwana wanu akukaphunzira chiyani kunjako. Ndakhala ndikungoyankha kuti zamagetsi, mpaka ena ayamba kale kusungitsa malo kuti ukadzabwera udzawaikire mawaya m'nyumba. Sabata yatha ndinakupempha kuti undifotokozere bwinobwino, ndipo unakhala pa thumba la gaga apa n'kunena kuti, "Bambo, dziko likamawonjezera magetsi a dzuwa ndi a mphepo, magetsi amachuluka ndithu, koma dzuwa ndi mphepo palibe amazilamula. Ntchito yanga ndi kusonkhanitsa mbiri ya zaka zambiri, ya mitambo, ya mphepo, ya madzi a mu Shire, ndi ya nthawi zimene anthu amayatsa zinthu zawo. Zonsezo timaziika mu kompyuta, ndipo kompyutayo imayeserera chaka kambirimbiri, china chachilala, china chamvula, china makina atawonongeka. Kenako timaona kuti mwa zaka zonsezo magetsi aperewera kangati, kwa nthawi yaitali bwanji, kuti akuluakulu adziwe kuti asunge mphamvu zochuluka bwanji pambali."

Ndinakufunsa ngati ndiye kuti ukukaphunzira kulosera. Unaseka. "Ayi bambo, tsiku lake sitilidziwa. Timangonena kuti tsiku loipa lilipo, ndipo limabwera pafupipafupi chotani."

Unaganiza kuti sindinamve. Ndinamva, mwana wanga. Ndinamva kuposa mmene ndikanafunira, chifukwa funso limene ukukaliphunzira kutali chonchi ndi lomwe ine sindidadzifunsepo m'nyumba mwanga momwe. Zomwe ndilembe pano si zachilendo kwa iwe, zambiri udaziona ndi maso ako. Koma udaziona ngati mwana. Ndikufuna uzimve mmene zidayendera m'mutu mwa munthu amene ankasankha, chifukwa anthu amene udzawalangize adzakhala ndi mitu yonga wangawu.

Ndiyambe ndi injini ya agogo ako. Iwe udakula itapita kale, umangoona chiunda cha simenti pomwe idakhala. Agogo ako pobwera kuchokera ku migodi ya ku Joni adabwera ndi chifuwa chosatha komanso mtima wofuna chigayo. Adagula injini ya dizilo, yobiriwira, ya gudumu lalikulu lopukusa ndi manja. Ikalira, anthu a kutsidya kwa njanji ankadziwa kuti kwacha. Inkafuka utsi, inkadontha oilo, lamba wake ankaduka pa nthawi yolakwika, koma inkagaya. Iwo atamwalira idakhala yanga. Ndiye titayamba kuvota zipani zambiri, mapolo a magetsi adafika pamsika pano, ine n'kugula mota ya magetsi. Abale, kukoma kwake! Kungodina batani, chigayo n'kuyamba kulira, manja oyera, malaya oyera. Injini ija idakhala pakona ikutola fumbi, ndipo munthu wina wa ku Balaka atabwera kudzaifunsa, ndidavomera tsiku lomwelo.

A Yusufu a pagolosale, mnzanga amene umamudziwa kuyambira uli kumsana, adandipeza ndikumasula mabawuti. Adaima pakhomo n'kufunsa, "A Ngozo, kodi injiniyi ikudya chiyani ikangokhala pamenepo?"

"Ikudya malo," ndidatero.

"Malo muli nawo. Isiyeni, muziipukusa kamodzikamodzi kuti isagwire dzimbiri."

Ndidawaseka. "Inu a Yusufu, chifikireni magetsi athimapo kangati? Mukufuna ndiziweta chitsulo ngati ng'ombe?"

Sadatsutse. Adangoti, "Inenso ndili ndi magetsi m'golosale, koma nyali ya parafini sindinataye." Mayi ako, Nambewe, adalankhula kamodzi kokha, chapansipansi, kuti injiniyo ndi ya bambo anga. Ndidawayankha kuti bambo anga akanakhala moyo akanayamba ndi iwo kudina batani. Idakwezedwa pa lole, ndipo sindidatuluke n'komwe kukaiona ikupita.

Zaka zingapo zidandikomera, ndipo tsiku lililonse labwino linkandiuza kuti ndidachita bwino. Kenako kudabwera zaka za mvula yochepa. Nyanja idatsika, madzi a mu Shire adachepa, ndipo nthawi imeneyo pafupifupi magetsi onse a dziko lino ankachokera ku mtsinje umodzi womwewo. Adayamba kuthima m'mawa n'kubwera anthu atagona. Amayi ankakhala pansi pa mtengo wa mango uwu ndi matumba awo tsiku lathunthu, ana akulira, ine n'kumangoyang'ana babu la padenga ngati ndikuyembekezera mlendo. Kenako adaleka kubwera. Ankakweza chimanga pa njinga kupita chakwa Kasinje, komwe munthu wina, amene tinkamuseka kuti ndi wachikale, adali akadali ndi chigayo cha dizilo.

Chomwe chidandinyenga, Felista, n'chakuti ndinkangoona masiku abwino. Ukanandifunsa nthawi imene ndinkagulitsa injini kuti pa chaka magetsi amayaka masiku angati, ndikanati pafupifupi onse, ndipo sindikananama. Koma munthu sagayitsa chimanga pa avereji. Amagayitsa Lachiwiri, kunyumba atasiya ana ndi ndiwo zopanda chodyera. Kumene ukupitako udzakumana ndi mabwana amene adzakuonetse nambala yokoma ya chaka chonse n'kunena kuti magetsi alipo okwanira ndi otsala. Usawatsutse nambalayo, chifukwa idzakhala yoona. Udzangowafunsa za sabata loipitsitsa. Usaiwale zimenezi, mwana wanga.

Zaka zomwezo ndi zimene ndidataya mchimwene wako Kondwani, ngakhale ali moyo. Iye ndiye ankayenera kudzatenga chigayochi. Tsiku lina titakhala osagaya kuyambira m'mawa adati, "Bambo, bwanji tikafune injini ina, ngakhale yakutha? Ndikhoza kuikonza." Adalankhula mwaulemu, ndipo adali kunena zoona. Koma pakhomo padali anthu, a Yusufu adali pomwepo, ndipo ine ndidamva ngati mwana wandivula pagulu. Ndidakalipa. "Ukufuna kundiphunzitsa ntchito m'chigayo changa? Ngati wakula, pita komwe amuna anzako amapita." Mwezi usanathe adali atakwera basi ya ku Joni. Mpaka lero akaimba foni amandifunsa za mvula ndi za ng'ombe, koma za iye mwini sandiuza kanthu.

Manyazi akakhala mwa munthu wamkulu amatuluka ngati ukali. Tsiku lina wina adzakuonetsa kuti masamu ako alakwika, mwina wocheperapo kwa iwe, mwina pamaso pa anthu. Udzamva kutentha m'makutu. Udzameze, n'kunena kuti zikomo, tionenso. Ndipo mchimwene wako uzimuimbira. Amakunyadira, koma sadziwa kuyamba.

Kondwani atapita, amene adatenga malo ake pa thumba lotulukira ufa adali mayi ako. Magetsi akabwera, kaya ndi nthawi yanji, tinkagaya osapuma kuopa kuti athimanso. Iwo ankatuluka m'chigayo atayera mpaka nsidze, akuseka kuti akalamba tsiku limodzi. Kansalu ka pamphuno sitidakaganizire. Chifuwa chidayamba pang'onopang'ono, tinkati ndi chimfine. Patapita zaka adayamba kupuma panjira popita kutchalitchi, kenako adayamba kupuma pakati pa chiganizo. Madokotala ku boma adati mapapo awo atha mphamvu ndipo sadzabwereranso mwakale, koma akhoza kukhala zaka ndithu ngati atapeza makina opanga mpweya wothandiza kupuma. Kondwani adawagula kumeneko n'kuwatumiza ndi dalaivala wa thiraki. Adali makina oyera ngati kafiriji, okhala ndi kapaipi kofika m'mphuno. Mayi ako adawatcha "a Kondwani". Ankati, "Tawayatsani a Kondwani andipumireko."

Makinawo ankafuna magetsi osadukiza, ndipo ine, poti ndidapsapo kale, ndidadziona ngati wochenjera tsopano. Ndidaika mapanelo a sola padenga ndi mabatire m'chipinda, kuti magetsi a mawaya akathima dzuwa lizilandira ntchito. Amene adadzalumikiza adandiuza poyera kuti mabatire amenewo ndi okwanira pa masiku wamba, ndipo kuti pa munthu wodwala chonchi ndi bwino kukhalanso ndi jenereta ndi petulo wosunga, kapena botolo lalikulu la mpweya. Ndidaganiza kuti akungofuna kundigulitsa katundu wina. Chaka chimenecho ndinkafolera nyumba yosungira chimanga, ndipo malata adandionekera ofunika kuposa chinthu chongokhala pakona.

Iwe udali pa holide kuchokera ku koleji. Udayang'ana mawaya onsewo, n'kufunsa, "Bambo, nanga zonse zitathima pamodzi?"

Yankho langa ndimalikumbukira liwu ndi liwu, chifukwa lidandikomera kwambiri moti ndidakalibwereza kwa anzanga pambuyo pa Misa. Ndidati, "Magetsi a mawaya amachokera kumadzi, awa akuchokera kudzuwa. Kukakhala chilala dzuwa limachuluka, kukakhala mvula mtsinje umadzaza. Zingathime bwanji pamodzi?" Udayang'ana pansi n'kunena kuti, "Chabwino bambo." Ndidakulera kuti usamabwezere akulu mawu, ndipo udachita monga ndidakulerera.

Pa ichi ndikukupempha ndi mtima wanga wonse: ulemu umenewu usapite nawo ku ntchito. Upereke moni, ugwade pamene pali pogwada, unene "inu" ngakhale kwa amene sakuyenera. Koma ukaona kuti wamkulu akuika miyoyo ya anthu pa yankho longokoma m'makutu, ufunsenso kachiwiri. Akakalipa, ufunsenso kachitatu. Kukalipa kumatha, ine ndikudziwa, ndidakalipapo.

Kwa nthawi ndithu zinthu zidayenda. Mayi ako adanenepako. Tidawagulira paipi yaitali kuti azikhala pakhonde, ndipo ankasenda nyemba, kulangiza atsikana a kwaya, ndi kukangana ndi a Yusufu za mtengo wa sopo. Magetsi akathima, kabokosi ka sola ka pakhoma kankangolira kamodzi, mabatire n'kulandira, iwo osadziwa n'komwe. Nthawi iliyonse zikatero ndinkanena mumtima kuti waona, Felista ankadandaula pachabe.

Ndiye dzinja lina kudabwera namondwe uja. Mvula idayamba ngati mvula ina iliyonse, koma siidaleke. Magetsi adathima, ndipo wailesi idati madzi aononga makina opangira magetsi ku Shire, dziko lonse lili mumdima, ndipo sizikudziwika kuti akonza liti. Mtsinje umene ndinkati ukadzaza ndiye magetsi achuluka, udadzaza mpaka kuswa chomwe chimapanga magetsiwo. Mitambo yomwe idaudzazayo ndi yomwe idaphimba denga langa. Masana ankaoneka ngati chisisira.

Tsiku loyamba lomwelo a Yusufu adabwera atafunda pepala la pulasitiki. "A Ngozo, lole ili ndi dizilo. Tiyeni tiwatengere mayiwa ku boma msewu ukadali bwino."

"Dzuwa lituluka mawa," ndidatero. "Kuwayendetsa pamvula chonchi ndiye kuwadwalitsa."

Mawa lake silidatuluke. Tinyali tobiriwira ta pa kabokosi tidayamba kuzima kamodzikamodzi. Ndidazimitsa mababu onse, wailesi, chilichonse, kuti mphamvu yonse ipite kwa mayi ako. Ndidakwera padenga mvula ili mkati kukapukuta mapanelo ndi chiguduli, ngati kuti vuto lidali fumbi. Tidayamba kuyatsa makina pang'ono, kuzimitsa pang'ono, ndipo nthawi yozimitsayo ndinkaona milomo yawo ikusintha mtundu. Kuchipatala chapafupi nako kudalibe magetsi, ndipo botolo la mpweya lomwe adali nalo lidali pa khanda lobadwa masiku asanakwane. Sindikanapempha kuti alichotse.

A Yusufu adabweretsa jenereta yawo yaing'ono pa wilibala. Petulo adali wochepa, ndipo pamsika padalibe, chifukwa magalimoto adali atasiya kufika. Apa ndi pamene ndidaona anthu a pano. Amuna a njinga zamoto adayamba kubwera okha, aliyense akupopa petulo m'thanki yake ndi kapaipi n'kuthira m'botolo. Wina sindinkamudziwa n'komwe dzina. Jenereta idalira, mayi ako n'kugona tulo tabwino. Koma petulo wa m'mabotolo ali ndi polekezera, ndipo mvula idalibe.

Pamene ndidavomera za lole ija, kudali kutachedwa. Tidawagoneka kutsogolo, mutu uli pamiyendo panga, a Yusufu akuyendetsa pang'onopang'ono m'matope. Titafika pa mtsinje wa panjira tidapeza madzi akudutsa pamwamba pa mlatho, atanyamula mitengo ndi mbuzi zakufa. Kutsidya kudali anthu, kuno kudali anthu, tonse tikungoyang'anana. Ndidatsika n'kulowa m'madzi mpaka m'mawondo, sindikudziwa kuti ndinkafuna kuyesa chiyani. A Yusufu adandikoka malaya. Nditabwerera m'galimoto mayi ako adandigwira dzanja n'kunena, akupuma pa liwu lililonse, "Tibwerere kunyumba, a Ngozo. Sindikufuna kufera pamsewu anthu akundionerera."

Ndidati, "Nambewe, ndikanamvera Felista."

Adapukusa mutu. "Zimenezo mudzamuuze iyeyo. Ine ndipatseni bulangete, ndikumva kuzizira."

Tidabwerera. Adatisiya masana a tsiku lotsatira, pabedi lawo, azakhali ako akuimba chapansipansi, mvula ikugwabe pamalata. Netiweki idali itachoka limodzi ndi magetsi, ndipo uthenga udakupeza mochedwa. Udafika titaika kale.

Tsopano mvera, chifukwa apa ndi pamene ntchito yako ikukhudza nyumba yathu. Ine ndidali ndi zodalira zambiri: mawaya, dzuwa, mabatire, jenereta ya mnzanga, lole, chipatala. Ukaziwerenga pachala zinkaoneka zokwanira. Koma zonsezo zidali pansi pa mtambo umodzi, ndipo mtambo umodziwo udazigwetsa pamodzi. Ukamadzaika zinthu mu kompyuta yakoyo, usadzangofunsa kuti chilichonse pachokha chimalephera kangati. Udzafunse kuti n'chiyani chingazigwire zonse tsiku limodzi. Ndipo ngati m'mbiri yomwe wapatsidwa mulibe tsiku lotero, usadzati ndiye kuti kulibe. Nanenso m'mbiri yanga mudalibe, mpaka lidabwera.

Udandiuza kuti pomaliza pa masamu onse pamatuluka kanambala kakang'ono, kosonyeza mpata woti magetsi aperewere, ndipo kakachepa ndithu anthu amavomereza kuti zili bwino. Ndikumvetsa. Palibe dziko lingasunge zonse pambali, monganso ine sindikanagula chilichonse cha m'sitolo. Penapake munthu amayenera kunena kuti apa pakwana. Koma ukamadzalemba kanambala kameneko, uzidziwa kuti mkati mwake muli winawake wagona ndi kapaipi m'mphuno. Udzawauze akuluakuluwo kuti tsiku loipalo likadzafika, ndani adzayambe kuzimitsidwa, ndipo amuikira chiyani pambali. Usadzawaopseze ndi bodza kuti akumvere, usadzawatonthozenso ndi bodza kuti akukonde. Usaiwale zimenezi, Felista.

Dzuwa usalide. Ndikunena izi chifukwa ine ndidalida kwa nthawi, ndinkafuna kuzula mapanelo aja n'kuwataya kudzala. Koma dzuwa lomwelo lidapatsa mayi ako zaka zokhala pakhonde zomwe mawaya okha sakanawapatsa. Lero amayi a kudimba akupopa madzi ndi sola, akukolola tomato m'chilimwe, ana akuwerenga madzulo m'midzi momwe mapolo sadafikemo. Dzuwa silidandinamize. Silidalonjeze kuti lidzatuluka tsiku lililonse, ndine ndidalilonjezera. Zinthu zimenezi zichuluke ndithu m'dziko muno, koma pakhale anthu onga iwe owerengera masiku a mitambo.

Zina ndi zazing'ono, koma bambo ndi bambo. Akuti kumeneko kumazizira kuposa ku Nzama mwezi wa Juni, ndiye ugule jekete lenileni, usaumire. Uzidya chakudya chophika, osati buledi yekha pamaso pa kompyuta. Upeze tchalitchi, ngakhale nyimbo zake zikhale zozizira. Upezenso mnzako mmodzi wonga a Yusufu, amene angakuuze zomwe sukufuna kumva kenako n'kubwerabe ndi wilibala zikavuta, ndipo usayang'ane kuti amapemphera kuti. Mwamuna akadzakufuna, uone mmene amachitira akalakwitsa pamaso pa anthu. Za kubwerera kuno sindikukumanga. Ndingakonde utadzagwira ntchito m'dziko lako, koma usadzabwere chifukwa choti bambo ali okha. Ndimadziphikira, ndipo azakhali ako sandipatsa mpata wosungulumwa.

Chatsala chimodzi, ndipo ndi chimene chandikhazika pa benchili.

Ukukumbukira tsiku lomwe magetsi adabwerera. Tidali tikadali pa maliro, tisanamete, anthu atakhala m'nyumba ndi pabwalo. Dzuwa lidali litatuluka, lowala ngati palibe chidachitika, zovala zonyowa zitayanikidwa pampanda. Mwadzidzidzi m'chipinda cha mayi ako mudamveka kulira kwa makina aja. Palibe adakumbukira kuwazula pakhoma, ndipo batani lidatsala lili loyatsa. Adayamba kupuma okha, mofatsa, monga ankachitira masiku onse, kapaipi kali pa pilo popanda munthu. Nyimbo idaduka. Azakhali ako adakuwa n'kuthawira panja. Ine ndidangokhala pamkeka ndikumvera mpweya umene ndidausowa masiku onse aja ukutayikira m'chipinda chopanda kanthu.

Amene adadzuka ndi iwe. Udalowa, n'kuzimitsa, n'kukulunga kapaipi bwinobwino, n'kutuluka. Maso ako adali ouma. Udapita kukathandiza amayi kutsuka mbale. Kuyambira tsiku limenelo sindidakuonepo ukulira, ngakhale kumanda, ngakhale pa Misa ya chikumbutso. Udabwerera ku koleji n'kusintha maphunziro, udayamba kukhoza kuposa onse, ndipo anthu amandiyamikira kuti ndili ndi mwana wolimba. Koma ine ndine bambo ako. Ndimaona mmene umayang'anira kumwamba mitambo ikayamba kusonkhana. Ndipo azakhali ako adandiuza zomwe udawauza, kuti ukanalimbikira tsiku lija mayi akanakhala moyo.

Ayi, mwana wanga. Iwe udafunsa funso loyenera, pa nthawi yoyenera, kwa munthu woyenera. Amene adayankha ndine. Amene adagula malata ndine, amene adati dzuwa lituluka mawa ndine. Mayi ako adandituma kuti ndidzakuuze, ndipo ndachedwa nazo zaka zonsezi chifukwa pakamwa pankalemera. Ndikanakumvera, Felista. Pepa.

Choncho pita ukaphunzire chifukwa ntchitoyo ndi yabwino ndipo mutu wako umaikonda, osati kuti ukalipire mlandu. Mlandu umenewu ndi wanga, ndipo ndaphunzira kukhala nawo. Usiye kuno, m'ndege usakwere nawo. Ukafika, ukatseka chitseko cha chipinda chako kumene palibe akukudziwa, ulire mayi ako. Ulire mokweza, monga amalirira mwana wamkazi wa ku Ntcheu. Ukatha usambe kumaso, udye, kenako undiimbire.

Mulungu akutsogolere, akusunge pa masiku owala ndi pa masiku a mitambo.

Ndine bambo ako,
Ngozo